Dzanja Limene Linatsala M'mutu

Tsiku limene amuna anapita kukafukula dzanja la Chibesa, mwini wake anatsala pakhonde ku Chelstone, atatsamira khoma, akulira mopanda mawu. Dzanjalo linali pansi pa nthaka kumunda wa amalume a mwamuna wake, njira ya ku Chongwe. Koma iye ankalimva lili pomwepo pamwendo pake, litafumbata, zikhadabo zikuboola chikhatho.

Ndiyambe ndanena kuti ine si munthu wa nkhani zolimbikitsa. Amene amavala masuti n'kumauza anthu pa wailesi kuti chilichonse n'chotheka, ambiri a iwo sanagonepo ndi njala. Ine ndinagwira ntchito pakampani ya boma mpaka zaka zija makampani ankagulitsidwa ngati tomato wa madzulo, ndipo amene anatichotsa ntchito anatiuzanso kuti tilimbe mtima. Kuchokera pamenepo ndimagulitsa maloko, misomali ndi mahinjesi mumsika wa Chelstone, ndipo mawu okoma ndimawatembenuza kawiri ndisanawalandire. Koma nkhani iyi ndinaiona ndi maso anga, chifukwa saluni ya Chibesa inayang'anizana ndi sitandi yanga. Choncho inu amene mwatopa, khalani pansi mumve.

Chibesa anabadwira ku Luapula, koma anakulira muno mu Lusaka. Mumsika tinkamutchula kuti bana Becky, potengera mwana wake woyamba. Manja oluka tsitsi ngati ake sindinawaonenso kwa wina. Azimayi a ku Avondale ndi ku Kabulonga, amene sagula ngakhale anyezi mumsika mwathu, ankaimika magalimoto awo pafumbi n'kukhala pabenchi kudikira iye. Ankaluka akucheza, maso ali kwina, zala zikudziyendera zokha. Mwamuna wake Oswell ankayendetsa galimoto yoperekera buledi m'mashopu. Sanali olemera, koma ana awo awiri ankapita kusukulu atadya.

M'mawa wina anakwera minibasi kupita kutauni kukagula mameshi, tsitsi loikirira lija lolukira makasitomala. Zinali zaka zimene aliyense wokhala ndi kandalama ankaika basi pamsewu, matayala akhale osalala ngati mbale. Tayala linaphulika. Chibesa anagwira chitsulo cha mpando wakutsogolo ndi dzanja lamanzere, ndi mphamvu zake zonse, ndipo imeneyo ndiyo ntchito yomaliza imene dzanjalo linagwira. Anatsitsimuka ali m'chipatala, mkono utadulidwa m'munsi mwa chigongono.

Abale a Oswell anapempha chiwalocho. Anati chiwalo cha munthu wamoyo sichitayidwa ngati zinyalala, chimaikidwa mwaulemu. Anachikulunga m'chitenje n'kukachikwirira kumunda kuja.

Bala linapola bwino, koma dzanja silinachoke. Chibesa ankalimva tsiku lililonse, litafumbata ngati likadagwirabe chitsulo chija, ndipo linkawawa ngati wina akulifinya ndi pulayala. Ankafuna kulitambasula, koma utambasula bwanji chinthu chimene kulibe? Panalinso china chimene chinamuopsa kwambiri. Akamasamba kumaso, ankamva madzi akuyenderera pakati pa zala za dzanja lodulidwalo.

Anauza mwamuna wake. Oswell ndi munthu wabwino, koma ndi mmodzi wa amuna amene sangasunge nkhani osaipititsa kwa mlongo wawo wamkulu. Mlongo wakeyo, ba Charlotte, amakhala ku Woodlands m'nyumba ya mpanda, amagwira ntchito muofesi, ndipo m'banja lawo mawu ake ndi amene amatseka msonkhano. Iye anaitanitsa amalume. Akuluakuluwo anamvetsera, n'kugwirizana kuti cholakwa chinachitika kumunda. Anati anyamata anakwirira dzanja zala zili chifumbatire, komanso pamalo otsika pamene madzi amalowa. Mankhwala ake ndi kulifukula, kuwongola zala, ndi kuliika pouma.

Musawaseke. Anthu amenewa anasiya ntchito zawo, anakumba padzuwa, anayala timafupa mwaulemu, anatikulunga m'pulasitiki n'kutikwirira pachulu. Anachita zimene ankadziwa. Atabwerako ali ndi dothi m'maondo, Chibesa anachita manyazi n'kunena kuti akumvako bwino. Bodzalo silinakhalitse. Sabata isanathe, ana anamupeza kukhitchini akuluma nsalu kuti asakuwe.

Apa m'pamene ba Charlotte anagamula. Anati ngati dzanja lawongoledwa koma munthu akuliralirabe, ndiye kuti mutu wayamba kusokonekera, ndipo ana sayenera kukula akuona zimenezo. Sukulu ikatsekera, Chibesa apite kwa amayi ake ku Mansa akapumeko. Ana atsale chifukwa cha sukulu.

Tonse tikudziwa tanthauzo la kukapumako. Mkazi akapita kukapuma kumudzi, tikiti yake imakhala ya ulendo umodzi. Ndipo mayi wina wa kutchalitchi kwa ba Charlotte, wosakwatiwa, anali atayamba kale kubwera kunyumba kudzathandiza kuphika. Chikwama cha ulendo chinatsitsidwa pamwamba pa wodiropu n'kuikidwa pakona, Chibesa akuchiona tsiku ndi tsiku.

Kuchipatala sananenepo za dzanjali. Ankaopa kuti akangotsegula pakamwa amutumiza ku Chainama, kumene amasunga odwala misala. Ankangopempha mapiritsi a ululu. Tsiku lina namwino anatopa naye n'kumulozera kuchipinda cha mafizo, kumene amaphunzitsa ziwalo kugwiranso ntchito. Kumeneko anapeza mayi wina wa ku Kabwata, wochepa thupi, dzina lake Thandazani.

Thandazani anayang'ana chitsa cha mkono, anachisisita, kenako anafunsa ngati akufunsa za mwana amene watsala kunyumba.

"Nanga dzanja lomwe kulibeli lagona bwanji lero? Lafumbata kapena latambasuka?"

Chibesa anadzandiuza kuti palibe munthu anali atamufunsapo chotero. Onse ankafunsa ngati akumwa mankhwala kapena ngati akupemphera.

"Lafumbata," anayankha motsitsa. "Mwaziba bwanji?"

"Ambiri odulidwa chiwalo amamva choncho, amayi. Si misala, si ufiti. Mukasamba kumaso mumamva chiyani?"

Chibesa analira mpaka Thandazani anatseka chitseko.

Zimene anauzidwa m'chipindamo ndikuzidziwa bwino, chifukwa patapita nthawi Thandazani anafika mumsika mwathu ndipo ndinamufunsa mafunso ngati wapolisi. Sukulu ndinalekezera giredi faifi, koma wonama ndimamudziwa, chifukwa ukamufunsa kachiwiri nkhani imasintha. Ya mayi uyu sinasinthe.

Anati ubongo umakhala mumdima, m'kati mwa chigaza. Sunaonepo dzanja, sunakhudzepo madzi. Zonse umazidziwa mwa uthenga umene umabwera kudzera m'mitsempha, osati yamagazi ija, koma ina yopyapyala yopangidwa ndi timaselo tataliatali ngati ulusi. M'kati mwa kaselo kamodzi uthenga umathamanga ngati kamphamvu ka magetsi. Ine nditamva zimenezi ndinati basi, ndi waya ngati wa foni zakale. Iye anati ayi, waya ndi umodzi kuchokera uku mpaka uko, koma timaseloti sitinalumikizane kwenikweni, pakati pake pali kampata. Anandifunsa mmene katundu amachokera ku Chelstone kukafika ku Kabwata. Ndinati amakwera basi mpaka kutauni, amatsika, wina amamuwolotsa msewu pamanja, n'kukwera basi ina. Anati ndi momwemo. Uthenga ukafika kumapeto kwa kaselo, kaseloko kamatulutsa timadzi tamankhwala timene timawoloka kampatako n'kukadzutsa kaselo kotsatira.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti uthenga wonsewo ndi wofanana, uli ngati kugogoda pachitseko. Kutentha, kuyabwa, kuwala, zonse ndi kugogoda komweko. Chinthu chikakula, kugogoda kumangofulumira. Ubongo umadziwa kuti ili ndi dzanja kapena ndi phazi poona khomo limene lagogodedwa. Choncho khomo la dzanja likagogodedwa, ubongo umati dzanja lakhudzidwa, kaya dzanjalo lilipo kaya lili pachulu ku Chongwe.

Za madzi a kumaso, Thandazani anafotokozera Chibesa ndi chitsanzo cha msika. Anati muubongo chiwalo chilichonse chili ndi sitandi yake, ndipo sitandi ya dzanja inayandikana ndi ya nkhope. Dzanja litadulidwa, sitandi yake inatsala yopanda katundu.

"Inu ndinu a mumsika," anatero. "Sitandi ikakhala yopanda mwini, aneba amatani?"

Chibesa anaseka koyamba chichitikireni ngozi. Anaseka chifukwa mayi wogulitsa salaula pafupi ndi saluni yake anali atayala kale mabelo a zovala pakhomo pa saluniyo, ndipo madiresi anali kulendewera pamsomali wa chikwangwani chake. Uthenga wa patsaya unali utachita chimodzimodzi, utasefukira m'sitandi ya dzanja. Madzi akakhudza tsaya, khomo la zala nalo linkagogodedwa.

Nanga ululu? Thandazani sanabise kuti ngakhale ophunzira sanamalize kumvetsa zonse. Koma anati uthenga womaliza umene ubongo unalandira kuchokera kudzanjalo unali wakuti lafumbata mwamphamvu. Chiyambire tsiku limenelo ubongo umalamula kuti tambasuka, koma palibe yankho lobwerera lonena kuti latambasuka. Ndiye umangolamulabe, n'kumakhulupirira mbiri yakale. Anati pali njira imene imathandiza ena, osati onse, yopatsa ubongo mbiri yatsopano kudzera m'maso.

Anaimika galasi patebulo cham'mbali, m'mphepete mwake mutaloza pachifuwa cha Chibesa. Mkono wodulidwa unabisika kuseri, dzanja lamanja linali kutsogolo kwa galasi. Chibesa atasuzumira anaona manja awiri. Anauzidwa kuti afumbate onse awiri, kenako awatambasule pang'onopang'ono, maso ali pagalasi. Anatero. Zala zimene zinakhala chifumbatire miyezi yonseyo zinamasuka.

Sizinakhalitse. Asanafike pasiteji ya basi, dzanja linali litafumbatanso. Koma tsopano anali atalawa.

M'mawa mwake anafika pasitandi yanga. Chitsekereni saluni, ine ndi amene ndinkamusungira galasi lake lalikulu ndi chowumitsira tsitsi, kuseri kwa makatoni a misomali. Anali ataonda, mkono ataubisa m'chitenje.

"Ba Petros, muli shani? Nipatseniko gilasi yanga."

Ndinaganiza kuti akufuna kuligulitsa, ndipo ndinamuuza kuti asafulumire, ogula a masiku ano ndi afisi. Atandifotokozera, ndinakwiya. Ndinati munthu wavutika kale, achibale amukumbitsa manda, tsopano achipatala akumuseweretsa ndi kalilole ngati mwana. Ndinafunsa kuti galasi lapaderalo akugulitsa ndani, chifukwa kumene kuli machiritso achilendo kumakhala wina wogulitsa kanthu.

"Kulibe ogulitsa," anatero. "Banena ati nisebenzese yanga yamene nili nayo."

Apo ndinasuntha makatoni n'kumupatsa galasi lake. Wakuba sakuuza kuti ugwiritse ntchito chako chomwe.

Analitengera kunyumba, koma silinakhaleko. Mayi wothandiza kuphika uja anamuona atakhala ndi galasi cham'mbali, akuyang'anitsitsa dzanja, milomo ikugwedera, ndipo nkhani inafika ku Woodlands dzuwa lisanalowe. Ena anati misala yakula. Ena anati ayi, magalasi ndi zida za asing'anga, mkaziyu wayamba kuombeza. Chibesa anabweza galasi kwa ine, n'kupempha kuti azichitira kuseri kwa sitandi yanga.

Choncho m'mawa uliwonse, ana akapita kusukulu, ankabwera, kukhala pakatoni, kuimika galasi pakati pa maondo, n'kuyamba. Kufumbata, kutambasula. Kukhudza chala chachikulu ndi chilichonse cha zinazo. Masana ankabwereza, madzulo asanapite ankabwerezanso. Oitanira mabasi ankasuzumira n'kumufunsa ngati galasilo lingawaonetse amene anawabera foni. Iye ankawayankha kuti likuonetsa kuti sanasambe. Masiku ena ankatuluka nkhope ili yowala. Masiku ena galasi silinkachita kanthu, ndipo ankapuma movutikira, thukuta lili pamphumi, mpaka ine ndinkayamba kuwerengera makasitomala misomali mokweza kuti asamve kupuma kwake.

Sukulu inali pafupi kutsekera. Thandazani atamva za chikwama cha pakona, anauza Chibesa kuti abwere ndi mwamuna wake. Oswell anazemba kangapo, akuti buledi sadikira. Pomaliza anapita, atavala nkhope ya munthu amene akupita kukamva zimene akuzidziwa kale.

Thandazani sanamulalikire. Anamanga Chibesa kumaso ndi mpango, n'kupatsa Oswell kathonje ka pakamtengo kuti akhudze nkhope ya mkazi wake paliponse pamene wafuna. Oswell anakhudza patsaya lamanzere. Chibesa anati wamva patsaya, komanso pachala chachikulu. Anakhudza pamwamba pa mlomo. Anati chala cholozera. Pachibwano, kachala kakang'ono. Oswell anayamba kuchenjera. Anasinthasintha malo, anakhudza tsaya lamanja, anakhudza pakhosi, nthawi ina anangoyendetsa dzanja m'mwamba osakhudza kanthu. Kumene kunalibe chala, Chibesa ankati kulibe. Akabwerera pamalo akale, chala chake chinkakhala chomwecho. Dzanja lonse linali litajambulidwa pankhope ya mkazi wake, chala chilichonse pamalo pake.

Oswell anaika kathonje patebulo. Anafunsa ngati wamisala angathe kunama molongosoka chotero. Thandazani anati ayese yekha kunama choncho atamangidwa kumaso.

Pobwerera, atakwera minibasi, Oswell anakhala kumanzere kwa mkazi wake, kenako anadzidzimuka n'kusendera kumbali, mpaka kondakitala anamukalipira kuti akudya malo a anthu awiri.

"Bana Becky," anafunsa chapansipansi, "sininalitine?"

Ankafunsa ngati sanapanikize dzanja lija. Chibesa anandiuza kuti pa mawu onse amene mwamuna wake anamuuzapo chikwatiraneni, amenewo ndi amene amawasunga.

Mukuganiza kuti nkhani yathera pamenepa? Ndiye kuti simuwadziwa achibale. Ba Charlotte atamva, anati chabwino, si misala. Koma woluka tsitsi wa dzanja limodzi ndi woluka tsitsi? Mlongo wake Oswell adzasenza yekha banja mpaka liti? Oswell sanathe kukana poyera. Chimene anakwanitsa ndi kukankhira ulendo kutsogolo, kuti mvula ithe kaye, misewu ya kumudzi iume. Oswell anauzanso mayi wophika uja kuti apumeko, asiye kubwera. Koma chikwama chinakhalabe pakona.

Chibesa anamvetsa kuti ululu wokha kuchepa sikumusunga panyumba pake. Anafunsa Thandazani ngati dzanja lamanja lingaphunzire ntchito ya manja awiri. Thandazani sanalonjeze. Anati chimene akudziwa n'chakuti timipata tija ta pakati pa timaselo timasintha. Njira imene uthenga ukudutsamo kawirikawiri imalimba, monga kanjira kachidule ka m'tchire kamene kamayamba ndi udzu wogona n'kudzakhala njira yoti ngakhale wilibala idutsa. Njira yosiyidwa imamera udzu. Zala zake zakale sizinabadwe zikudziwa kuluka, zinapondaponda njira. Anati apondenso ina.

Anapita kwa Meshack wosoka nsapato, amene anamusokera lamba wachikopa womanga pachitsa cha mkono, wokhala ndi timapini togwira tsitsi. Chitsacho chinkapanikiza ndi kugwira chingwe chimodzi cha tsitsi, zala zisanu za kumanja zikusinthanitsa zinazo. Anayambira pa mopu. Ndinamupatsa mopu watsopano wa m'sitolo ya mnzanga, tinamukhomera pathabwa, ndipo kuseri kwa sitandi yanga kunakhala galasi mbali ino, mopu mbali inayo. Zingwe zinkapulumuka. Timapini tinkadumpha n'kugwera m'misomali yanga. Tsiku lina anaponya mopuyo kunja, anakagwera pa mbaula ya mayi wowotcha chimanga, ndipo panabuka mkangano umene unatenga masana onse. Mawa lake anabwera ndi mopu wa kunyumba kwake.

Atachoka pa mopu anapita pamutu pa Becky. Mwanayo anapita kusukulu ndi mizere yokhotakhota, anzake n'kumufunsa ngati analukidwa m'basi ikuyenda. Anabwera akulira, koma Loweruka lotsatira anakhalanso pansi pakati pa miyendo ya mayi ake popanda womuitana. Mizere inayamba kuwongoka. Sindikuuzani kuti zinatenga masiku angati, chifukwa sindinawerenge, koma mvula inayamba ndi kutha iye akulimbana ndi zingwe zitatu.

Ululu nawo unkabwerera m'mbuyo, osati mwaulemu, koma ngati wobwereka nyumba amene akutulutsa katundu kamodzikamodzi. Dzanja lija linasiya kufumbata. Kenako anati likufupika, zala zikusendera kufupi ndi chitsa. Galasi anayamba kulifuna mwa apo ndi apo.

Mvula itatha anapita kwa mayi wa salaula uja.

"Ba neba, mwachita monga tsaya langa. Manje mwine wa malo abwela."

Mayiyo sanamve za tsayazo, ndipo anandiyang'ana ngati akufunsa kuti kodi zija ankanena anthu n'zoona. Koma mabelo anachotsa. Tinapachika galasi pamsomali wake wakale.

Makasitomala sanabwere. Ankadutsa, kupereka moni wachisoni, n'kukalowa saluni ya kuseri. Ena ankaopa kuti chitsa chiwakhudza m'mutu. Sabata yonse Chibesa anakhala pakhomo akupesa wigi imodzimodzi. Loweruka kunafika Thandazani, atamasula tsitsi, n'kupempha kuti mpando autulutse panja, pamene msika wonse ukuona. Tsiku limenelo m'pamene ndinamufunsa mafunso anga aja, iye mutu uli chopendekera, akuyankha pakati pa kukokedwa tsitsi. Ntchito imene kale inkatha nthawi ya chakudya chamasana isanakwane inafika mpaka dzuwa litapendeka. Koma mukule umene unatuluka pamenepo, mizere yogona pamutu ija, unali woongoka ngati wojambula ndi rula. Sabata yotsatira kunabwera anamwino awiri. Kenako mphunzitsi wa Becky. Kenako galimoto yoyamba ya ku Avondale inaima pafumbi.

Ba Charlotte anamva zonsezi, koma chikwama sichinachoke pakona. M'banja limenelo chinthu sichitha mpaka iye atanena kuti chatha.

Mwana wamkazi wa ba Charlotte anali kukwatiwa, ndipo kunali kicheni pati, phwando la azimayi lija limene mayi wa mkwatibwi amayang'anidwa kuposa mkwatibwi. Tsitsi la ba Charlotte ndi lopyapyala m'mbali, losachedwa kuthothoka, ndipo kwa zaka zambiri amene ankalidziwa anali mlamu wake yekha. Chichitikireni ngozi ankapita kusaluni ya magalasi ambiri ku Kabulonga, kumene analikoka mpaka m'mbali munayamba kuyera. Kutatsala tsiku limodzi phwando, ndinaona galimoto yake ikuima pafupi ndi mulu wa makala. Anatsika atamanga duku, anayenda ngati akudutsa chabe, anaima pasitandi yanga n'kufunsa mtengo wa loko amene sankamufuna. Kenako anawoloka kanjira.

Chibesa anaimirira, anapereka moni mwaulemu wonse wa kwa alamu, anapukuta mpando. Ba Charlotte anakhala, anamasula duku. Chibesa anayang'ana m'mbali muja, ndipo ine ndinadikira kuti anene mawu amene ndikanawanena ine. Sananene. Anamanga lamba wake pachitsa, anatenga mafuta ndi chipeso, n'kuyamba.

Analuka momasula m'mbali, mizere ikuphimba pamene panayera. Ba Charlotte poyamba anaumitsa khosi chitsa chikamukhudza, koma pofika pakati pa mutu anali atatsinzina. Atamaliza, anadziyang'ana nthawi yaitali m'galasi lomwe lija ankati ndi la asing'anga. Anatembenuzira mutu uku ndi uku.

"Likali kubaba?" anafunsa za ululu wa dzanja lija, maso ali pagalasi.

"Nthawi zina, kukazizila. Koma manje nimaziba chamene chichitika."

Kenako Chibesa, akutsuka chipeso, ananena ngati nkhani wamba kuti ku Mansa adzapita pa Khirisimasi, iye ndi ana ndi bambo awo, kukaona amayi, ndipo adzabwerera sukulu isanatsegulire chifukwa Januwale amakhala ndi makasitomala ambiri.

Ba Charlotte anapinda duku lake bwinobwino n'kuliika m'kachikwama ka m'manja.

"Mukanibweletseleko nsomba zouma," anatero. "Za kuno ni fumbi chabe."

Madzulo a tsiku limenelo Oswell anakweza chikwama chija pamwamba pa wodiropu.

Lero saluni ya bana Becky yatenga masitandi awiri, ndipo mayi wa salaula anasamukira mzere wina mwamtendere. Chibesa sanalemere ngati a m'nkhani za pa wailesi. Amaluka pang'onopang'ono kusiyana ndi kale, mu Juni dzanja lija limamukumbutsabe kuti lilipo, ndipo akasamba kumaso chala chachikulu chimanyowabe pang'ono. Koma ana ake anakulira m'manja mwake, m'nyumba mwake. Nthawi zina Thandazani amatumiza munthu wodulidwa mwendo kapena mkono kuti adzacheze naye. Amakhala pabenchi ya makasitomala, ndipo ndimamumva Chibesa akufunsa funso lija, lakuti chiwalo chomwe kulibecho chagona bwanji lero.

Ine ndikadali pomwepa ndi maloko anga. Amene anatichotsa ntchito sindinawakhululukire, ndipo sindikuona chifukwa. Koma m'mawa ndikamatsegula, ndikaona galasi lija likuwala kutsidya kwa kanjira, tiyi wanga amatsika bwino.

Tsono inu amene mukuwerenga, sindikuuzani kuti chilichonse n'chotheka. Dzanja la Chibesa silinamere. Chimene ndikuuzani ndi ichi. Mutu wanu umakhala mumdima, ndipo umakhulupirira mbiri yomaliza imene unalandira. Ngati mbiri yomaliza inali ya tsiku limene munagwa, udzakuuzani chaka ndi chaka kuti mukadali pansi, mutafumbata. Musapite kukakumba pachulu, pamenepo palibe chimene chingasinthe. Upatseni mbiri yatsopano, lero pang'ono, mawa pang'ono, ngakhale oitanira mabasi akuseka. Ndipo wina akakuikirani chikwama pakona, musachinyamule msanga. Mtima wanu ugwireni ndi dzanja limene latsala, musautaye.